Kumasulira mawu a pokumana

Mawu a pokumana ndi mawu okhazikika amene anthu amanena akaonana, kaya koyamba kaya patapita nthawi, komanso mawu amene amasimbira kukumanako. M'Chichewa muli "moni", "mwasowa", "takulandirani" ndi "tionana". M'Chitaliyana muli "piacere", "chi non muore si rivede" ndi "arrivederci", ndipo m'Chingerezi muli "nice to meet you" ndi "long time no see". Munthu wophunzira chiyankhulo chachilendo amayambira pa mawu amenewa, koma omasulira amawaona kuti ndi ena mwa ovuta kwambiri, chifukwa zimene mawuwo amanena ndi ntchito imene amagwira pakati pa anthu n'zosiyana. Wonena kuti "mwasowa" sakudziwitsa mnzake kuti anatayika. Akumulandira, ndipo mwina akumudzudzulako pang'ono.

Chitaliyana si chachilendo kwenikweni ku Malawi. Ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy agwira ntchito zaka zambiri m'dayosizi ya Mangochi, imene episkopi wake woyamba anali Alessandro Assolari. Ku Balaka kuli bungwe la Andiamo, dzina lotanthauza kuti "tiyeni". Kulinso amishonale a Comboni, gulu la Sant'Egidio la ku Rome limene limayendetsa zipatala za DREAM, ndi banja la Conforzi lodziwika ndi minda ya tiyi ku Thyolo. Komabe Chitaliyana ndi Chichewa nthawi zambiri sizikumana zokha. Zimadutsira m'Chingerezi, chifukwa mabuku otanthauzira mawu ndi ophunzitsira Chichewa, monga la David Clement Scott la mu 1892, ambiri analembedwa m'Chingerezi. Pa nkhani ya kukumana, mlatho umenewu ndi wopapatiza kuposa magombe onse awiri.

Mneni mmodzi wa Chingerezi

Munthu akanena m'Chingerezi kuti "I met her in Kasungu", womvera sangadziwe ngati awiriwo anayamba kudziwana kumeneko, anangopezana mwangozi pamsika, kapena anachita kupangana. Mneni "meet" amanyamula zonsezo. Chitaliyana chimakakamiza wolankhula kuti asankhe. "L'ho conosciuta a Kasungu" ndiye kuti kumeneko n'kumene anadziwirana. "L'ho incontrata" ndiye kuti anakumana naye, ndipo mwina ankadziwana kale. "Ci siamo visti" ndi "tinaonana". Kupita kukachezera munthu amati "andare a trovare", kwenikweni "kupita kukamupeza", ndipo kukalandira mlendo pa siteshoni amati "andare a prendere", "kupita kukamutenga". N'chifukwa chake Mtaliyana wongoyamba Chingerezi amalakwitsa n'kunena kuti "I knew my wife in Rome" pamene Mngerezi akanati "I met".

Chichewa chimagawa mofanana, mwinanso kuposa apo. Pali kudziwana, kukumana, kuonana ndi kupezana. Pali kukumanizana, kumene kumachitika panjira popanda pangano. Pali kuchingamira, kumene ndi kunyamuka kukakumana ndi mlendo asanafike pakhomo n'kumulandira katundu. Palinso kukaonekera, monga amachitira mnyamata kwa makolo a mtsikana amene akufuna kumukwatira. Zonsezi m'Chingerezi zingathe kulembedwa ndi "meet". Choncho Mtaliyana akalemba "conoscere", womasulira woyamba n'kuika "meet", wachiwiri amene akupititsa m'Chichewa amatsala akulota: kusiyana kumene kunalipo poyamba kwafafanizika pakati.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. M'makhothi a ku Malawi zolembedwa zimasungidwa m'Chingerezi, ndipo mboni zambiri zimalankhula kudzera mwa womasulira. Funso lakuti "Have you met the accused before?" lingamasuliridwe kuti "Munakumanapo naye?" kapena "Mumamudziwa?" Munthu wa m'mudzi angayankhe moona kuti inde ku funso lina ndi ayi ku linzake, pakuti n'zotheka kudziwa mwini esiteti kwa zaka khumi osakhala naye pansi ndi tsiku limodzi lomwe. Kuwonjezera apo, "kukumana" ndi "kudziwa" nthawi zina amanenedwa mophiphiritsa za mwamuna ndi mkazi, ndipo pa mlandu wa banja womasulira wosasamala angaike mkamwa mwa mboni zimene sinanene.

Pali pena pamene Chitaliyana ndi Chichewa zimagwirizana ngati zinachita kupangana. Mawu otsanzikira akuti "arrivederci" ali ndi zigawo zinayi: "a" ndi "mpaka", "ri" ndi "-nso", "veder" ndi "kuona", ndipo "ci" amagwira ntchito ya "-an-" wa m'Chichewa, wosonyeza kuti anthu akuchitirana. Onse pamodzi ndi "mpaka tidzaonanenso", kapena mwachidule "tionananso". Chingerezi chilibe kachigawo kotere. "See you" amangoti "kukuona", ngati woona ndi mmodzi yekha.

"Chi non muore si rivede"

Awa ndi mawu amene Mtaliyana amanena akakumana ndi munthu amene sanamuone nthawi yaitali. Liwu ndi liwu akuti "amene safa amaonekanso". Amanenedwa moseka, manja atatambasulidwa, koma mkati mwake muli kachidzudzulo: munali kuti nthawi yonseyi osatumiza ndi mawu omwe? Ali ndi anzake a mtundu womwewo. "Chi si vede!" ndi "taonani amene waoneka", "beato chi ti vede" ndi "ngwodala amene amakuona", ndipo potsanzikana amati "fatti vivo", kwenikweni "udzionetse kuti uli moyo", kutanthauza kuti usasowe.

Kuika mawuwa m'Chingerezi liwu ndi liwu kumabala chiganizo chomveka ngati cha pa guwa, chopanda nthabwala ina iliyonse. Omasulira amasankha pakati pa mawu angapo, ndipo lililonse limataya kanthu. "Long time no see", mawu amene anayamba kuoneka m'zolembedwa za ku America cha m'ma 1900, ndi aubwenzi koma alibe chidzudzulo. "Hello, stranger" ali nacho chidzudzulocho, pakuti amatcha mnzako mlendo. "Look what the cat dragged in" amafanizira wobwerayo ndi chinthu chimene mphaka wakokera m'nyumba, ndipo ndi chipongwe chololedwa pakati pa mabwenzi enieni okha. "So you're still alive" amasunga imfa ija koma amaluma kuposa Chitaliyana. Palibe limene lili lolondola paliponse. Chimene chimalamula ndi ubale wa anthu awiriwo.

M'Chichewa mulibe kufunafuna kotere, chifukwa liwu lake lilipo kale: "Mwasowatu!" Mneni "kusowa" ndi wolemera. Chinthu chimasowa chikatayika, munthu amasowa ndalama akakhala alibe, ndipo amasowa mnzake akamulakalaka. Onse atatu amamveka mu "mwasowa". Kachigawo ka "-tu" kamawonjezera kukondwa ndi kudandaula pamodzi, zomwe "chi non muore si rivede" amachita. Yankho lake ndi "tilipo", kapena kubweza mlandu kuti "mwasowa ndinu". Wofuna kudzudzula kwambiri amati "mwatitayatu" kapena "simukuonekatu masiku ano". Yankho lakuti "tilipo" n'lochititsa chidwi, chifukwa likunena chimodzimodzi chimene Mtaliyana ananena poyamba, kuti munthuyo adakali moyo, koma osatchula imfa.

Kusatchula imfako ndiye pagona nkhani. Achewa amailambalala imfa polankhula. Amati munthu watisiya, wamwalira, watsikira kuli chete, ndipo liwu lakuti "kufa" limamveka louma likanenedwa za munthu wolemekezeka. Kulonjera gogo kapena apongozi ndi mawu akuti "amene safa amaonekanso" kungamveke ngati kuwalosera zoipa, kapena ngati wolankhulayo amayembekezera uthenga wa maliro awo. Pali malo amodzi pamene mawu otere amaloledwa, ndiwo pachisuweni. Asuweni amanyozana mwachibale, ndipo wina angathe kuuza mnzake kuti "ndimayesa unafa" onse n'kuseka. Womasulira buku kapena filimu ya Chitaliyana angasunge imfayo pokhapokha ngati olankhulawo ali pa ubale wotere. Kwina konse, "mwasowatu" ndiye wokhulupirika, ngakhale alibe liwu ndi limodzi lomwe lofanana ndi a m'Chitaliyana.

Ganizo lakuti amoyo okha ndiwo amaonananso si lachilendo kwa Achewa ayi. Limangokhala mbali ina ya ulendo. Limanenedwa posiyana, osati pokumana: "tionana mawa tikadzuka", "tidzaonana tikakhala ndi moyo", "Mulungu akalola". Apo limamveka ngati kudzichepetsa. Likasamutsidwira pa moni limasanduka mwano.

Kusiyana kofanana ndi kumeneku kumaoneka pa mlendo wofika mwadzidzidzi. Mtaliyana amafunsa kuti "qual buon vento ti porta?", ndiko kuti "ndi mphepo yabwino iti yakubweretsa?" Iye wayamba waganiza kuti ulendowo ndi wabwino. Mchewa amafunsa kuti "N'kwabwino?" kapena "Kwagwanji?", chifukwa kale, matelefoni asanafale, munthu wofika mosayembekezeka nthawi zambiri ankabwera ndi uthenga wa matenda kapena maliro. Mlendo amayamba wachotsa nkhawayo: "N'kwabwino ndithu, ndangobwera kudzakuonani." Funso la Mchewa likamasuliridwa m'Chingerezi liwu ndi liwu limamveka ngati mwini nyumba sanakondwe ndi mlendoyo, pamene kwenikweni akudera nkhawa abale amene atsala kumudzi.

"Piacere" ndi malonje

Anthu awiri akakumana koyamba ku Italy amagwirana chanza, aliyense n'kutchula dzina lake, n'kunena kuti "piacere", kutanthauza "chisangalalo". Mawu onse ndi "piacere di conoscerla", ndipo mneni wake ndi "conoscere", kudziwa. Chingerezi chimati "nice to meet you". Kuchokera apo kunabwera "ndakondwa kukudziwani" ndi "ndasangalala kukumana nanu", mawu amene lero amamveka m'maofesi, pa wailesi ndi pamisonkhano. Ndi Chichewa chomveka, ndipo m'tauni palibe amene amadabwa nacho. Koma kamangidwe kake n'kobwereka, ndipo kuika mawuwa mkamwa mwa nyakwawa ya kwa Wimbe m'nkhani yonena za kale n'kulakwitsa mbiri.

Kumudzi kukumana koyamba sikukhala liwu limodzi. Ndi ndondomeko. Mlendo amaima chapatali n'kunena kuti "Odi!", eni khomo n'kuyankha kuti "Odini" kapena "Fikani". Amamulandira katundu, n'kumupatsa mpando kapena kumuyalira mphasa. Moni amabwera pambuyo, mlendo atakhala pansi, ndipo amayamba ndi eni nyumba, mmodzimmodzi, ana atagwada kapena kunyonyomala. Kenako pamabwera malonje: mlendo amafotokoza za kumene wachokera, amene wawasiya ndi mmene wayendera, eni khomo n'kufotokozanso za pamudzipo. Dzina la munthu wamkulu silifunsidwa mwachindunji. Amafunsa kwawo ndi mfunda wake, kapena amene wabwera naye ndiye amanena kuti "awa ndi aPhiri a kwa Chulu", "awa ndi aNabanda". Yankho lachibadwa pamenepo ndi "zikomo" kapena "tathokoza". Pamene Mtaliyana amanena kuti wasangalala, Mchewa amathokoza.

Pa "odi" Chitaliyana chili pafupi ndi Chichewa kuposa Chingerezi. Munthu wolowa m'nyumba ya eni ku Italy amati "permesso?", mwini nyumba n'kuyankha kuti "avanti!", ndipo amanena zimenezi ngakhale chitseko chili chotsegula. Mngerezi amagogoda, ndipo akafuna mawu amachita kupanga chiganizo chathunthu.

Za chiyambi cha "moni" pali maganizo awiri. Ena amati anachokera ku "morning" wa Chingerezi, ena amati ndi chidule cha "muoneni". Ganizo lachiwirili limatsamira pa moni wakale wakuti "tikuoneni", amene akuluakulu a m'chigawo chapakati amamudziwa, pa "timuwoneni" wa Atonga a ku Nkhata Bay, ndi pa "sawubona" wa Chizulu, amene amatanthauzanso kuona munthu. "Ciao" wa Chitaliyana ali ndi mbiri yodziwika bwino: anachokera ku mawu a ku Venice otanthauza kuti "ndine kapolo wanu". Lero ulemu wonsewo unatha, ndipo "ciao" ndi wa anthu ozolowerana, pofika ndi pochoka pomwe. Kumumasulira kuti "moni" nthawi zonse n'kulakwa kawiri, chifukwa moni sanenedwa pochoka ndipo ndi waulemu. Wofanana naye kwambiri ndi "bho" kapena "shapu" wa achinyamata.

Iwe, inu ndi iwo

Chingerezi cha lero chili ndi "you" yekha. Chitaliyana chili ndi "tu" wa anzako ndi ana, ndi "Lei" waulemu, choncho "piacere di conoscerti" ndi "piacere di conoscerla" ndi osiyana monga "kukudziwa" ndi "kukudziwani". "Lei" kwenikweni ndi "iye": munthu amalankhulidwa ngati akunenedwa. Achewa amachitanso chimodzimodzi akafuna kulemekeza kwambiri, pamene amafunsa munthu amene ali naye maso ndi maso kuti "Adzuka bwanji?" kapena "Aswera bwanji?", ndipo m'Chiyao "Ali uli?" ndiwo moni wa masiku onse. Mu 1938 boma la Mussolini linayesa kuthetsa "Lei" ponena kuti ndi wachilendo, n'kulamula kuti anthu aziti "voi", amene ndi "inu" weniweni. Ulamulirowo utagwa, "Lei" anabwerera.

Malire ake sagwera pamodzi. Ku Italy mwana amati "tu" kwa bambo ake ndi agogo ake, chinthu chosatheka m'Chichewa. Choncho ngakhale womasulira akuchokera ku Chitaliyana mwachindunji, sangangoika "iwe" paliponse pamene pali "tu". Ndipo akadutsira m'Chingerezi, chizindikiro chonse chimatayika, moti chiganizo chotchuka cha m'mafilimu chakuti "diamoci del tu", "tiyeni tizitchulana kuti iwe", chimasandulika pempho loti azitchulana mayina oyamba.

M'minda ya fodya ya ku Kasungu

Kasungu, boma limene likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kumpoto kwa Lilongwe pa msewu wa M1, ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi, chifukwa ziyankhulo zimakumana kumeneko tsiku ndi tsiku. Kummwera ndi pakati, cha ku Santhe, Chamama ndi Mtunthama, kumalankhulidwa Chichewa. Kumpoto, cha ku Nkhamenya ndi kwa Kaluluma, kumamveka Chitumbuka, ndipo "Muli bwanji?" amasanduka "Muli uli?", "zikomo" n'kukhala "yewo". Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anachuluka pansi pa makampani monga Press Farming ndi General Farming, kunabwera matenanti ambiri a Chilomwe ndi Chiyao ochokera m'maboma a kummwera. Pa chigafa chimodzi pankatha kupezeka anthu a ziyankhulo zinayi akusoka fodya, onse akulonjerana m'Chichewa, aliyense ndi ulemu wa kwawo.

Bomali lilinso ndi malo ake m'mbiri ya kumasulira. Buku la Mark Hanna Watkins lofotokoza malamulo a Chichewa, lotuluka mu 1937, linalembedwa kuchokera pa kalankhulidwe ka munthu mmodzi wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo ankaphunzira ku Chicago. Banda yemweyo atabwerera kwawo pa 6 July 1958, patapita zaka zoposa 40, ankalankhula pamisonkhano m'Chingerezi, ena monga John Msonthi akumasulira. Si iye yekha amene anasowa. Amuna ambiri a m'derali anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia, ndipo amene anakhalitsa osabwerako ankatchedwa matchona. Kwa mtchona wofika patapita zaka makumi awiri, "mwasowa" amachepa. Amalandiridwa ndi nthungululu ndi misozi, ndipo malonje ake amayamba ndi kumuuza amene anamwalira iye kulibe. Pamenepo nthabwala ya Chitaliyana ija ilibe malo mpang'ono pomwe.

Liwu limene limasocheretsa omasulira kwambiri m'dera la fodya ndi "tionana". Pa tanthauzo lake loyamba ndi kutsanzika chabe, monga "ci vediamo" wa Chitaliyana ndi "see you" wa Chingerezi. Koma ulimi wa fodya umayenda pa ngongole. Nazale imafesedwa chilimwe chisanathe, kuwokera kumachitika ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka ndi kuyanika kumatenga miyezi ya njala, ndipo ndalama imaoneka pokhapokha mabelo akagulidwa ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, msika umene nthawi zambiri umatsegulidwa cha mu April. Miyezi yonseyo wagolosale, waganyu ndi wangolo amauzidwa kuti "tionana fodya akagulidwa". Apa "tionana" ndi lonjezo la malipiro, osati la kucheza. Pa dongosolo la utenanti, limene lamulo la ntchito linathetsa mu 2021, banja linkalandira chimanga ndi zipangizo pa ngongole chaka chonse, n'kudzawerengerana ndi mwini munda kumapeto. Tenanti wofotokozera wofufuza kuti "abwana anangoti tionana pamalonda" akunena kuti sanalipidwe ndipo sakudziwa kuti adzalandira zingati. Mawuwo akalembedwa mu lipoti la Chingerezi ngati "see you at the market", dandaulo lonse lafufutika, ndipo wowerenga angaganize kuti awiriwo anasiyana mwamtendere.

Liwu lomwelo likanenedwa ndi nkhope yokwinya, chala chili m'mwamba, ndi chiopsezo: "Tionana!" Chitaliyana chili ndi "ce la vedremo" pa ntchito imeneyi, wochokeranso ku mneni "kuona". Ndipo "tionane kaye" kapena "tionane kumbali" ndi kuitanira munthu pa awiri, chimene Ataliyana amati "a quattr'occhi", "pa maso anayi". Nthawi zina kumbaliko kumakambidwa za banja, nthawi zina za kangachepe. Papepala matanthauzo onsewa amalembedwa ndi zilembo zofanana.

Palinso mawu a Chitaliyana a pamsika amene amaoneka ngati a kukumana koma sali choncho. Wogulitsa akati "le vengo incontro", liwu ndi liwu akuti "ndikubwera kudzakuchingamirani", koma akutanthauza kuti atsitsako mtengo. Chingerezi pano chili ndi mnzake, "meet halfway". Mlimi wa ku Kasungu amene akutsutsana ndi vendala pa mtengo wa soya kapena fodya sanena za kuchingamira. Amati "onjezeraniko", wogula pa golosale amati "ndichotsereniko", ndipo akamvana amati "tagwirizana".

Njira za omasulira

Mu 1923 katswiri wa chikhalidwe cha anthu Bronisław Malinowski, amene anachita kafukufuku ku zilumba za Trobriand, anafotokoza kuti pali mawu ena amene ntchito yake si kupereka uthenga koma kulumikiza anthu, ndipo moni ndi chitsanzo chake choyamba. Eugene Nida, m'buku lake la mu 1964 lonena za kumasulira, anasiyanitsa kutsata maonekedwe a mawu ndi kutsata mphamvu yake pa womvera. Chitsanzo chimene anapereka chinali cha moni: pamene kalata ya Paulo kwa Aroma imanena za kupsompsonana kopatulika, womasulira wa ku England J. B. Phillips anaika kugwirana chanza. Ena anamuyamikira, ena anati wafafaniza mwambo wa Akhristu oyamba. Mkangano womwewo unafika m'Chichewa. Buku Lopatulika la mu 1922 limatsata kwambiri maonekedwe a mawu a chiyankhulo choyambirira, pamene Buku Loyera la mu 1998 linalembedwa ndi cholinga chakuti limveke monga anthu amalankhulira.

Pa mawu a pokumana, njira yachiwiriyi ndiyo imathandiza nthawi zambiri, koma ili ndi mtengo wake. Wowerenga amene wapatsidwa "mwasowatu" sadzadziwa kuti Ataliyana amaseka ndi imfa pa moni. M'buku lophunzitsa chikhalidwe n'koyenera kupereka zonse ziwiri, mawu enieniwo ndi ntchito yake. M'khothi, m'chipatala kapena pa zokambirana za malipiro mulibe mpata wotero, ndipo womasulira wabwino amaima n'kufunsa wolankhulayo chimene akutanthauza. Anyamata amene amamasulira mafilimu achilendo m'Chichewa kuti azionetsedwa m'mavidiyo a m'misika amapita patali kuposa Nida: amataya mawu onse n'kuika zimene Mmalawi akananena pamalopo, ndipo pa moni kawirikawiri amalasa, ngakhale kwina amapeka zawo.

Makina omasulira ali ndi vuto lawolawo. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014, ndipo makina ambiri otere amaphunzira pa zolembedwa zimene mbali imodzi ndi Chingerezi. Saona nkhope, sadziwa msinkhu wa olankhula, ndipo sadziwa ngati awiriwo ndi asuweni kapena mkamwini ndi apongozi ake.

Ngakhale kutsanzika kumafuna kudziwa zimene sizinalembedwe. "Arrivederci" ndi "goodbye" amanenedwa ndi onse awiri mofanana. M'Chichewa wochoka amati "tsalani bwino", wotsala n'kuyankha kuti "pitani bwino" kapena "muyende bwino", n'kuwonjezera kuti "mukapereke moni kunyumba". Pakati pa mawu awiriwa pamakhala kuperekeza, pamene mwini nyumba amayenda ndi mlendo wake mpaka pa mphambano, nthawi zina atamunyamulira thumba kapena akumukankhira njinga. Womasulira akapeza "goodbye" m'nkhani, amayenera kubwerera mizere ingapo kuti aone amene wanyamuka ndi amene watsala pakhomo. Pa telefoni, pamene palibe wochoka kapena wotsala, anthu ambiri amangomaliza ndi "zikomo", "chabwino" kapena "tionana".